Juwisi wa Manachesi ndi Mivi ya Alamu

Lolemba, 9 Juni

Manachesi apsa onse pamodzi ngati anachita kupangana. Kumunda kwathu kwa Kanduku nthambi zafika pansi. Mavenda akubwera, akutchula mtengo wonyoza, akuseka, akupita. Chaka chino ayi. Chaka chino ndikupanga juwisi!

Ndafinya kuyambira mbandakucha. Zala zachita dzanzi. Mabotolo adzaza firiji ya akazi anga, mayi a Chikondi, ndipo thobwa lawo logulitsa lasowa pokhala. Akundiyankha ndi msana.

A Sulemani, eni golosale yaikulu ya paboda, avomera kuti ndiwapititsire Loweruka akalawe. Akamukonda azitenga sabata ndi sabata, madalaivala a mathiraki azimwa podikira mapepala. Angonena chimodzi: "Mubwere naye ali ndi lebulo, achimwene. Anthu amayamba kumwa ndi maso."

Lebulo ndiye yandiimitsa mutu. Ndalemba kuti WOKOMA. Mayi a Chikondi, osacheuka n'komwe: "Munaonapo chogulitsa cholembedwa kuti choipa?"

Masana afika alamu anga a Tiyamike, mng'ono wawo wa mayi a Chikondi, amene amaphunzitsa za zilankhulo ku yunivesite. Akuti abwera kudzapuma, koma laputopu ili pamiyendo ngati khanda. Ndafunsa kuti muli chiyani m'menemo. Andionetsa.

Abale inu!

Akhala akusonkhanitsa Chichewa cha anthu: cha m'nyuzipepala, cha pawailesi, maulaliki, mikangano ya m'minibasi. Zonse athira mu kompyuta. Ntchito ya kompyutayo ndi kusaka pamene munthu watenga mawu a chiwalo china n'kufotokozera za chiwalo china. Pagalasi pali timabwalo tisanu: diso, khutu, mphuno, lilime, khungu. Pakati pake mivi, ina yonenepa, ina yowonda ngati ulusi.

"Alamu, mukamati abusa ali ndi mawu okoma, munawalawapo mawuwo?" Ndati ayi. "Ndiye mwatenga kulilime n'kupereka kukhutu. Muvi wake ndi uwu."

Imvi zonsezi, ndakhala ndikulawa mawu osadziwa!

Zina zomwe andionetsa:
mawu ofewa, kuchoka kukhungu kupita kukhutu;
mawu akuthwa, chimodzimodzi;
nyimbo yozuna, kulilime kupita kukhutu.

Pulani yabwera yokha. Ndizungulira ndi mabotolo, anthu alawe, ndijambule zonena zawo pafoni, alamu athire mu kompyuta, kompyuta itulutse mawu a palebulo. Alamu akuti: "Siichita zimenezo, imangowerenga zomwe anthu anena." Anthu ophunzira amakonda kudzichepetsa.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndadzuka ndi chimfine. Mphuno zatseka, pakamwa ngati ndatafuna thonje. Palibe kanthu, olawa ndi ena.

Ndayamba ndi a m'mudzi muno. Makapu m'thumba, foni m'manja. Zomwe ndakolola:
"Eee."
"Ali bho."
"Wokoma."
"Mulinso wina?"
"Ndikumva kukoma."
"Ndikumva kukoma ndithu."
A telala: "Ndikumva manachesi."

Anthu a kwathu kuno! Pamaliro amatha kuyankhula mpaka dzuwa kupendeka, koma uwapatse kapu, mawu athawa.

Womaliza ndi a Nachisale, oyandikana nafe kumtunda. Amwa pang'onopang'ono, atseka maso, abweza kapu. "Ali zii." Basi, anyamula dengu lawo, apita.

Alamu alemba zonse mu kompyuta. Tadikira. Chatuluka: bwalo la khutu latupa ngati chotupa cha njuchi, ena onse afota. Kompyuta ikuti anthu a ku Mwanza amamwa juwisi ndi makutu!

Alamu agwira mutu, akuseka. Akuti vuto ndi mawu akuti kumva, ndipo awavutitsa kuyambira kale. Kompyuta anaiphunzitsa kuti kumva ndi kwa khutu. Koma ife:
timamva nyimbo,
timamva fungo,
timamva kuzizira,
timamva kukoma,
timamva kuwawa,
timamva njala,
ndipo mwana wamwano timati samva, chikhalirecho makutu ali nawo awiri abwinobwino.

Diso lokha ndiye lili ndi mawu akeake. Diso ndi lodzikonda!

Ndatuluka panja kukaima. Ndayang'ana mbuzi, ndayang'ana phiri. Mawu amodzi kusenza thupi lonse! Ndani anaganiza zimenezi? Makolo athu analibe laputopu.

Alamu akonza, khutu laphwa. Koma kompyuta yafika pa zii wa a Nachisale, yaima. Yajambula mivi itatu, iliyonse kolowera kwake, ndi chizindikiro cha funso pakati.

Lachitatu, 11 Juni

Sindinagone bwino. Zii.

Alamu afotokoza pomwa tiyi. Zii alipo patatu. Ndiwo zopanda mchere zili zii. Madzi a mumtsuko ali zii. Pamudzi popanda phokoso pali zii. Lilime, khungu, khutu, onse akukanganirana kamawu kamodzi. Kompyuta siingadziwe popanda kufunsa mwini wake.

Ndathamangira kwa a Nachisale. Chitseko chili ndi loko. Apita kumaliro kutali, abwera Loweruka.

Loweruka! Tsiku la a Sulemani lomwelo!

Munthu wanzeru sadikira. Ngati sindikudziwa kuti ndi zii uti, ndithana nawo onse.

Zii wa lilime: ndatsegula mabotolo onse, ndathira shuga wambiri, ndatseka mwamphamvu.
Zii wa khungu: ndawatulutsa mufiriji, ndawaika m'kachipinda kosungira katundu kogundana ndi khitchini, pansi pa malata, mofunda bwino.
Zii wa khutu: apa ndiye ndagoma. Juwisi ungamuyankhulitse bwanji?

Thobwa labwerera mufiriji. Mayi a Chikondi andipatsa moni wa m'mawa masana.

Alamu sindinawauze, asadandaule ndi zazing'ono. Iwo atha tsiku kumsika wa paboma, akujambula amayi ogulitsa tomato. Pobwera andionetsa chinthu china chimene chandiimitsa tsitsi. Mivi yonenepa yonse imalowera kumodzi! Imachoka kukhungu ndi kulilime, kukwera kupita kukhutu ndi kudiso. Yotsika ndi yochepa, yowonda. Timati mawu otentha, koma sitinena kuti moto waphokoso pofuna kunena kuti ukuwotcha. Timati nyimbo yokoma, koma palibe amati nyemba zoyimba. Akuti m'zilankhulo zina zambiri zimakhalanso choncho, anthu osadziwana, osaonanapo.

Ndani anawauza? Anakumana kuti?

Ndayesa kupeza muvi wotsika ndekha. Pachakudya ndati: "Mayi, ndiwozi ndi zaphokoso." Andiyang'ana, achotsa mbale. Ndadya mbatata.

Lachinayi, 12 Juni

Chimfine chakula. Ndalawa juwisi wanga, ndikungomva kunyowa.

Alamu samwa za shuga. Mayi a Chikondi akuti adzalawa tsiku lomwe ndidzapepese za thobwa. Ndiye tapita paboda, ine ndi alamu, ndi chikwama cha mabotolo.

Mathiraki ndandanda mpaka kukhota. Madalaivala agona pansi pa magalimoto awo, osintha ndalama akupepesera mpweya ndi mitolo yawo, amayi a chimanga chootcha akukupiza moto. Kapu yoyamba yapita kwa dalaivala wina wamkulu thupi. Wamwa, watsinzina diso limodzi.

"Ameneyu ndi wakuthwa!"

Alamu atsegula maso. Foni pafupi!

Zokolola za lero, mulu:
"Akuluma lilime."
"Akutekenya pakhosi."
"Ali ndi timinga."
"Akukanda."
"Akutenthetsa pachifuwa, koma mwaulemu."
"Wolemera, madala, wolemera."

Mayi wina wa chimanga wanunkhiza kapu, wandiyang'ana, wayang'ana tayi wanga, wabweza osamwa. Sananene kanthu. Kompyuta siiwerenga anthu osanena kanthu.

Kunyumba alamu athira zonse. Muvi wochoka kukhungu kupita kulilime wanenepa tikuona, ngati mwana wa mbuzi nthawi ya dzinja. Alamu akuti tsiku limodzi lawapatsa zomwe msika sunawapatse. Akuti anthu a paboda ali ndi Chichewa chamoyo, mwina chifukwa cha kusakanikirana ndi a ku Zobue, tsidya la Mozambiki.

Ine ndikuti ndi shuga uja. Ndasunga mumtima. Nzeru zina munthu umaulula ukapambana.

Ndafunsa ngati kompyuta yasankha mawu a palebulo. Alamu: "Ndinakuuzani, alamu, siisankha." Ndiye kuti ikuganizabe. Chinthu chachikulu sichifulumira.

Ndikudutsa pa kachipinda kaja ndamva kaphokoso, tsss, ngati njoka yaing'ono. Ndasuzumira. Palibe njoka.

Lachisanu, 13 Juni

Mbiri yafala! Sindikufunikanso kuzungulira. Anthu akubwera okha kudzathandiza kafukufuku. Amuna okhaokha, chodabwitsa. Ena sindinawaonepo. A telala atseka shopu. Dalaivala wamkulu thupi uja wabwera pa kabaza ndi mnzake wa ku Mozambiki.

Akhala pansi pa mtengo wa mango. Aliyense akuti kapu imodzi siikwanira kupeza mawu oyenera. Zoona, sayansi imafuna kudekha.

Kapu yoyamba: akuluma, akukanda, zadzulo zomwe.
Kapu yachiwiri: "Akunong'ona."
Yachitatu: "Akuwala m'mimba."
A telala, misozi ili m'maso: "Ndikulawa mtundu wachikasu, abale. Wachikasu wa nsalu yabwino."
Wa ku Mozambiki, dzanja pamtima: "Amigo, uyu akuyankhula Chipwitikizi."
Dalaivala wamkulu thupi: "Akuyimba pakamwa!"

Alamu aimirira pampando. Mivi yotsika! Kuchoka kukhutu kupita kulilime, kuchoka kudiso kupita kulilime! Ija yosowa ija, imene akhala akuisaka m'maulaliki ndi m'nyuzipepala osaipeza, yangogwa pabwalo panga ngati ngumbi. Akulemba mothamanga. Ine thupi lonse tsembwe. Pakhomo panga pano! Juwisi wanga!

Mayi a Chikondi atuluka m'khitchini, andikokera pambali. "Bambo, fungo lili m'kachipindamo likubaya mphuno. Mukulimva?"

Likubaya! Kuchoka kukhungu kupita kumphuno! Ndathamanga kukauza alamu asanaiwalike mawuwo. Pobwera ndapeza mayi akutulutsa mbale zawo zagalasi m'kachipinda muja, imodziimodzi, kukaziika kuchipinda chogona. Sakunena chifukwa.

Sindidikiranso kompyuta, anthu ayankhula. Ndakwera njinga kupita paboma, ndasindikiza malebulo: AKUYIMBA PAKAMWA. Zilembo zofiira. Wosindikiza wafunsa ngati ndi mankhwala a mano.

Pobwera ndapeza ofufuza anga akuyimba nyimbo ya ukwati, a telala akutsogolera. Mmodzi wagona chagada pafupi ndi khola.

Alamu akuyang'ana pagalasi. Ayika mivi ya Lachiwiri, ya Lachinayi ndi ya lero pamodzi. Akuti chilankhulo sichitembenuka msanga chonchi. Andifunsa: "Alamu, juwisiyu ndi yemwe uja wa Lolemba?" Ndati yemweyo. Sindinaname. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako ayang'ana wogona pakhola uja.

Ndamata malebulo. Mabotolo alimba ngati miyala. Chizindikiro cha katundu wabwino!

Loweruka, 14 Juni

Tayi, jekete, nsapato zopolisha. Kireti yakwera pa kabaza wanjinga yamoto.

Tikunyamuka, a Nachisale atulukira ndi kachikwama kawo ka kumaliro. Ndawafunsa za zii. Aseka. "Uja wa Lachiwiri? Anali zii bwino, wozizira ngati wogula m'sitolo. Ndinamukonda. Musasinthe kalikonse, bambo a Chikondi."

Ndayang'ana kireti ija pa kabaza.

Alamu akuti: "Kodi munasintha china chake?" Ndati tikambirana pobwera. Akwera kabaza wina, atitsatira.

Msewu wa kwathu mabampu okhaokha. Kireti ikudumpha kumbuyo kwanga, dzuwa likuwomba mabotolo. Ndikumva tsss, tsss, ngati kwaya ikuyesa mawu isanayambe.

Mugolosale mwadzaza. A Sulemani atilandira ndi manja awiri, avala mkanjo woyera mbee, wosita bwino. Awerenga lebulo, amwetulira. "Akuyimba? Timve nyimboyo." Atenga botolo, apotokola chitsekero.

Phuu!

Chitsekero chagunda denga. Juwisi watumphuka ngati paipi yophulika, wakwera, wabwerera, wagwera a Sulemani kuyambira pachipewa mpaka kumapazi. Ndisanatsegule pakamwa, mukireti: phuu! phuu! phuu! Mabotolo akuyankhizana. Madalaivala agona pansi. Mayi wina wathawa, wasiya mwana ndi buledi, wabwerera, watenga mwana. Mlonda walowa ndi chibonga akufunsa kuti akuba ali kuti.

Ndipo pomwepo mphuno zanga zatseguka. Chimfine chonse chathawa ndi mantha. Ndamva fungo.

Mayo ine.

A Sulemani aima pakati pa golosale, mkanjo wasanduka wachikasu, ndevu zikudontha. Anunkhiza mkono wa mkanjowo. Ayankhula motsitsa mawu: "Achimwene, uwu ndi mowa."

Ine, mkulu wa mpingo, wowerenga zolengeza Lamulungu lililonse. Ndabweretsa mowa mugolosale ya Msilamu amene sagulitsa ngakhale fodya. Ndafuna nthaka ing'ambike.

Sanakalipe. Bola akanakalipa! Angoti: "Inu simumwa, ine sindimwa. Nanga tavutikira ndani?" Kenako andipatsa chikolopa. Ndakolopa ndi jekete yomwe, madalaivala akuonerera, ena akupempha kuti mabotolo otsala asatayidwe.

Pobwerera ndaulula za shuga ndi kachipinda. Alamu aseka mpaka wa kabaza waima kuti apume. Kenako asiya kuseka. Mivi yawo yotsika ija, chuma chawo chonse cha sabata ino, yachokera kwa anthu oledzera. Akuti sangaiphatikize ndi ya maulaliki. Ayiika payokha, ayipatsa dzina lakelake. Ndapepesa. Akuti: "Komabe ananena, alamu. Palibe anawaphunzitsa. Mawuwo anali m'kati mwawo."

Ndaganiza zimenezo njira yonse. A telala akhala akusoka zigamba zaka zonsezi, mtundu wachikasu uli palilime, osauza munthu!

Kunyumba, mabotolo omwe ndinasiya m'kachipinda aphulika okha masana. Khoma lonse manachesi. Mbale zagalasi zili bwinobwino kuchipinda chogona. Mayi a Chikondi andipatsa thobwa lozizira. Ndapepesa za firiji. Ati: "Imwani."

Lamulungu, 15 Juni

Alamu anyamuka ndi minibasi yam'mawa ya ku Blantyre, laputopu pamiyendo. Andisiyira pepala la mivi, akuti ndikhome pakhoma. Ndikhoma khomalo likauma.

Kutchalitchi aliyense akudziwa. Amuna ena akundipatsa moni wa manja awiri, ulemu umene sindinaulandirepo. A telala sanabwere, akuti mutu. Akazi awo andidutsa ngati chitsa.

Abusa alalikira za kuledzera. Sananditchule dzina. Angondiyang'ana poyamba, pakati ndi pomaliza. Koma ulaliki wake, abale! Akuti tchimo limayamba lozuna, limanong'ona mofewa, limatha lowawa. Akuti mawu a chidzudzulo ndi akuthwa koma amachiritsa. Mivi yokhayokha, ina pamwamba pa inzake! Ndatulutsa cholembera kuti ndisungire alamu. Mayi a Chikondi andigwira dzanja, alibweza m'thumba, osasiya kuyang'ana kutsogolo.

Titaweruka akulu a mpingo andiitanira kuvestili. Ndafotokoza zonse: zii atatu, timabwalo tisanu, kumva, mivi yokwera ndi yotsika. Amvetsera mwachifundo, ngati momwe timamvetsera munthu wodwala malungo. Wapampando wafunsa: "Ndiye kompyutayo ndi imene inakuuzani kuti mufulule?" Ndati ayi, iyo imangowerenga. "Ndiye wolakwa ndani?" Ndati ine.

Chigamulo: zolengeza aziwerenga ena, ine ndikhala benchi la kumbuyo mwezi wathunthu.

Ndakaliyesa anthu atatuluka. Ndi lolimba, mwendo umodzi ndi waufupi, ndipo pamwamba pake pali chisa cha mavu. Koma kwaya inali ikuyeserera nyimbo za sabata yamawa, ndipo kumbuyoko imamveka bwino kuposa kutsogolo. Ndakhala pompo mpaka amaliza.